Rozina ndi Kaseti Yokoka

Moni kwa inu ana anga a m'sukulu, kulikonse kumene mwakhala ndi bukuli, kaya ndi pa desiki, kaya ndi pansi pa mtengo wa mango. Ndikuyamika Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, ndipo ndikuthokoza inunso pondibwereka makutu anu. Senderani pafupi, timve zimene zinagwera Rozina m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1995.

1. Mabatire atsopano

Rozina anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa Fomu 2. Mayi ake anamwalira iye akadali wakhanda, ndipo bambo ake, a Yakobe, anatsikira kulichete iye ali mu Sitandade 7. Choncho ankakhala ku Mitundu ndi azakhali ake, a Enelesi, namwino amenenso ankatsogolera kwaya ya achinyamata ku tchalitchi.

Chuma chimene a Yakobe anasiyira mwana wawo chinali chochepa: bulangete, chipewa cholimba cha ku migodi, ndi kaseti imodzi. Pachikuto cha kasetiyo panalembedwa ndi bolopeni kuti "Mabingu a Pansi", ndipo m'munsi mwake munali mayina anayi. Awiri anafufutika ndi madzi. Otsalawo anali "Yakobe" ndi "Gilibati wa ku Nathenje".

Masana azakhali akapita kuntchito, Rozina ankaika kasetiyo mu wailesi n'kukhala yekha pamkeka. Nyimbo zake zinali zachilendo. Magitala ankabangula pansipansi ngati lole yodzaza fodya ikukwera mtunda. Ng'oma inkagwa kamodzi, n'kudikira, n'kugwanso. Mawu a woimbayo ankamira m'phokosomo, koma Rozina ankawadziwa. Anali mawu a bambo ake.

Aliyense amadziwa kuti kaseti ikayamba kukoka, ndiye kuti mabatire atha. Rozina ankawayanika padenga la malata kuti atenthedwe ndi dzuwa, nthawi zina n'kuwaluma m'mbali. Koma nyimbo zinkakokabe. Mabatire atsopano azakhali ankawasungira nkhani ndi mauthenga a maliro, ndipo iye sankawakhudza.

Lachitatu lina mnzake wa m'kwaya, Elube, anamupeza akumvetsera.

"Iwe, ng'ombe ikufa kuti?" anatero Elube akuseka. "Mabatire ako akalamba kuposa agogo anga. Dikira."

Anathamangira kwawo n'kubwera ndi mabatire anayi atsopano, a mu tochi ya mchimwene wake. Anawaika, natabwanya batani.

Nyimbo inayamba. Inali yokoka chimodzimodzi, koma tsopano yamphamvu, mpaka makapu a pa tebulo ananjenjemera.

Kuseka kwa Elube kunatha. Anabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo.

"Rozina, si mabatire. Anaiimba choncho dala! Izitu ndi nyimbo za Satana zimene akunena alaliki a pa chitsitsimutso zija."

"Ndi bambo anga, Elube."

"Kaya ndi bambo ako, ine ndapita. Mabatirewo ubweretse mawa."

2. Chenjezo la a Enelesi

Nthawi imeneyo matipate, ndale za zipani zambiri, anali atangobwera kumene. Zinthu zambiri zinali zitalowa m'dziko: nyuzipepala zatsopano, mavidiyo, ndi mphekesera zochuluka za nyimbo za Satana. Sabata imeneyo ku Mitundu kunali msonkhano wa chitsitsimutso, ndipo mlaliki wochokera kutali analengeza kuti Loweruka kudzayatsidwa moto pabwalo la tchalitchi, woti anthu adzatentherepo zithumwa, nsupa ndi makaseti oipa.

Lachinayi pokonzekera kwaya, Rozina atakhala pa benchi, atsikana awiri anasunthira uko, poti Elube anali atafalitsa kale nkhani ya kaseti ija. Benchi yonse inatsala yake. Anaimba alito yekha ngati mbalame yosochera, ndipo pobwerera palibe amene anayenda naye.

Atafika kunyumba anapeza azakhali atatsogolako kale, atakhala pakhonde, kaseti ili pamwendo.

"Khala pansi, mwana wa mchimwene wanga, umve," anatero a Enelesi. "Sindine ndinakubereka, koma ndine ndidzayankhe za iwe pamaso pa Mulungu. Dziko latseguka, mwanawe. Kale tinkadandaula kuti mawindo ndi otseka. Lero atseguka onse, ndipo polowera kamphepo kabwino ndi pomwenso polowera udzudzu. Khutu ndi khomo la mtima. Chimene wachilola kulowa m'khutu lero, mawa udzachipeza chitakhala pampando m'nyumba mwako, chikukulamula.

"Nyimbo ya Mulungu imamveka mawu ake. Imadzutsa wofooka, imapukuta misozi. Nanga iyi? Kubuula kokhakokha, ngati munthu wotsekeredwa m'dzenje!

"Bambo ako ndinkawakonda. Ndine ndinkawabereka kumsana. Koma nyimbo zimenezi zinawaumitsa mtima. Amayi athu atamwalira, iwo anali ku migodi ku Joni, ndipo sanabwere. Ine ndekha ndinasambitsa mayi, ine ndekha ndinakhala pasiwa. Patatha chaka anafika, tsitsi lili nyankhalala. Ndinawaperekeza kumanda, koma sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anangobwerera n'kunyamula gitala. Kodi umenewo ndi mtima wa munthu wa Mulungu?

"Loweruka upite nayo pamoto ndi manja ako. Ukakana, m'kwaya mulibe malo ako, ndipo ine sindidzadziwanso kuti ndikulera mwana wotani."

Rozina anagwada.

"Azakhali, mawu a bambo anga atsala m'menemu mokha. Ndiloleni ndipite ku Nathenje ndikafunse a Gilibati amene alembedwa apa. Ndikakapeza kuti ndi zoipa, ndidzaiponya ndekha. Ndikulonjeza kuti sindibisa kanthu."

A Enelesi anayang'ana mayina a pachikuto, namupatsa kasetiyo.

"Safunsa anadya phula," anatero pomaliza. "Tenga njinga. Moto uyaka folo koloko. Ukhalepo, kaseti ili m'manja."

3. A Mabatire

Loweruka m'mamawa Rozina anamanga kaseti m'kansalu, naponda njinga. Msewu unali wafumbi, wodutsa m'minda youma yodikira mvula. Kumbuyo kwake mapiri a Dzalanyama ankazimirira mu utsi wa moto wolusa. Anadutsa amayi othirira nazale za fodya m'dimba, ndi abambo okankha njinga zolemedwa ndi makala. Onse anali awiriawiri kapena atatu. Iye yekha ndiye analibe womuyankhula.

Anafika pa Nathenje dzuwa litakwera. Pamsewu wa tala oitanira maminibasi ankakuwa, "Lilongwe! Dedza!"

"Zikomo achimwene, ndikufuna a Gilibati," anatero kwa mmodzi.

"Gilibati? Kulibe."

"Ankaimba gitala kale."

"Ooo, a Mabatire! Bwanji osanena? Anzanga, chemwaliyu akufuna a Mabatire Atha!" Anyamatawo anaseka mpaka kugwirana mapewa. "Pitani kuseri kwa chigayo. Koma musawapemphe nyimbo, mungafike kwanu chaka chamawa."

Kuseri kwa chigayo kunali kachipinda kodzaza mawailesi akufa. M'katimo munakhala bambo wowonda, wa tsitsi lalitali la imvi, akuwotcherera waya. Pakhoma panapachikidwa gitala lalikulu lotsala ndi zingwe ziwiri.

"Odi, bambo."

"Lowani, mayi. Wailesi yake ili kuti?"

Rozina anagwada, namasula kansalu kaja. Bamboyo anayang'ana chikuto. Chitsulo chowotcherera chinagwa pansi.

"Mwaitenga kuti iyi?"

"Ndine Rozina, mwana wa a Yakobe."

A Gilibati anavula magalasi, nawavalanso. Kenako anapukuta manja pa malaya, natenga kasetiyo ndi manja awiri ngati mkate wa mgonero. Anaiika mu wailesi yaikulu yolumikizidwa ku batire ya galimoto.

Magitala anabangula. Fumbi linagwa kuchokera kudenga. Nkhalambayo inatseka maso, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, zala zikuyenda m'malere pa zingwe zosaoneka. Mawu a a Yakobe atalowa, misozi inatsika n'kulowa m'ndevu.

"Zaka khumi," anatero nyimbo itatha. "Yanga inatafunidwa ndi wailesi zaka khumi zapitazo. Ndinkayesa kuti padziko pano sipanatsale ina."

Rozina anawafotokozera zonse: za Elube, za benchi, za moto wa folo koloko.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Kodi ndi za Satana? Nanga zimakokeranji chonchi?"

4. Onyamula sathamanga

"Unapitako kumaliro, mwanawe?" anafunsa a Gilibati.

"Kawiri."

"Onyamula bokosi amathamanga?"

"Ayi."

"Basi, ndi chimenecho. Ife anayi olembedwa pachikutopa tinkakhala m'komponi ya antchito a pa mgodi ku Joni. Tsiku lina mwala unagumuka pansi pa mgodi n'kukwirira anzathu asanu ndi awiri. Kugunda kwake tinakumva ndi mapazi tisanakumve ndi makutu. Amenewo ndiwo mabingu a pansi. Anzathuwo sanatuluke. Panalibe bokosi, panalibe siwa, panalibe woimba. M'mawa mwake belu linalira, tinatsikanso.

"Kapitawo wina wachizungu ankaika mbale za galamafoni za kwawo, nyimbo zolemera zoyenda pang'onopang'ono. Mzungu wina wodutsa pano chaka chatha anandiuza kuti masiku ano amazitcha dumu meto. Chizungu chake sitinkachimva, koma kulemera kwake tinakuzindikira, chifukwa kunali m'zifuwa mwathu. Bambo ako anati, 'Tiyeni tiwanyamule anzathu ndi nyimbo.' Tinamasula zingwe za magitala kuti zizilira pansi, ndipo tinayenda mayendedwe a onyamula maliro.

"Titabwerera kuno tinkaimba ku Lilongwe. Anthu ankakuwa, 'Fulumirani, tabwera kudzavina, osati kudzalira!' Kutchalitchi anati ndi phokoso. Pamsewu anatimeta tsitsi mokakamiza, poti nthawi imeneyo lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Tinajambula makaseti makumi awiri, ndipo ogula onse anabweza, amvekere, 'Kaseti yanu ndi yokoka, yatithera mabatire.' Dzina langa linachokera pamenepo."

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inasintha.

"Koma usatiyese angelo. Woimba ng'oma wathu anamalizidwa ndi kachasu. Wina anasiya mkazi ndi ana. Ndipo tonse tinali ndi tchimo limodzi, kunyada. Tinkati osatimva ndi mbuli, choncho sitinafotokozere munthu aliyense. Bambo ako anali ndi pakamwa polemera. Chimene anayenera kuuza mlongo wawo ndi pakamwa anachinena ndi gitala, ndipo gitalalo silinamveke. Taona ine lero. Ndimayankhula ndi mawailesi akufa. Usatengere zimenezo. Usanyoze azakhali ako. Munthu amene amakuopera moto ndiye amakukonda, ngakhale atalakwitsa poloza pamene pali moto."

Atatero anayang'ana kasetiyo, nayang'ana wailesi.

"Komatu wailesi iyi ili ndi makomo awiri oikamo kaseti," ananong'ona. "Mphindi makumi anayi zokha, ndajambula ina. Iyo ukaponye pamoto anthu akondwe, inayo ikhale kuno. Palibe angadziwe."

Rozina anayang'ana pansi. Kunja chigayo chinkalira. Kaseti yopanda kanthu inali pomwepo pa tebulo, pafupi ndi dzanja lake.

"Bambo, ndinalonjeza azakhali kuti sindibisa kanthu. Ndikaponya iyi pamoto ina ili kuno, ndiye kuti ndanama pamaso pa mpingo wonse."

"Nanga akaitentha? Ine sindidzamumvanso Yakobe. Iwenso."

"Ndikudziwa," anatero Rozina. "Akandilola, ndidzabwera nayo masana, poyera."

A Gilibati anatsegula wailesi. Kenako anatulutsa kasetiyo, naimanga okha m'kansalu.

"Wandichititsa manyazi, mwana wa Yakobe, ndipo wachita bwino."

Anakoka sutikesi pansi pa benchi, natulutsamo kope lakale lomangidwa ndi mphira.

"Mawu a nyimbo zonse ali umu, dzanja la bambo ako. Anandisungitsa. Ife tinalephera kufotokoza. Pita ukayese iwe."

5. Pamoto

Rozina anafika ku Mitundu folo koloko itapitirira pang'ono, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Moto unali utayaka kale. Nsupa zinkaphulika, makaseti ankasungunuka n'kutulutsa utsi wakuda wonunkha. Kwaya inkaimba, a Enelesi ali kutsogolo.

Anthu atamuona anapatuka, n'kumusiyira njira yaikulu kuposa imene munthu mmodzi amafunika. Elube anayang'ana kumbali.

"Bwera, mwana wanga, usaope," anatero mlaliki mokoma mtima. "Ponya, umasuke."

Rozina anaima pafupi ndi moto, kaseti kudzanja lamanja, kope kudzanja lamanzere. Anagwada.

"Abusa, azakhali, ndi inu nonse makolo anga. Kaseti ndi iyi, ndipo palibe ina. Mawu ake samveka chifukwa cha magitala, koma alembedwa umu. Ndiloleni ndiwerenge nyimbo imodzi. Mukati ndi yoipa, ndiponya."

Anthu anang'ung'udza. Mlaliki anakweza dzanja.

"Werenga."

Rozina anatsegula kope, nawerenga mokweza:

"Amayi, kalata yafika mochedwa,
Yandipeza pansi pa miyala.
Onyamula inu, musathamange,
Mwana wawo akadali m'njira.
Mlongo wanga wasenza yekha,
Ndidzamuyang'ana ndi maso ati?
Inu Wam'mwambamwamba, agwirireni dzanja
Kufikira ine nditafika."

Rozina anakweza maso. Nkhuni zokha ndizo zinkathetheka.

A Enelesi anachoka kutsogolo kwa kwaya. Anatenga kope lija, naliyandikitsa kumaso. Anayang'ana zilembo zopendekera zija, nayang'ana deti lolembedwa pamwamba pa tsamba. Linali la mwezi umene anaika mayi awo m'manda.

"Yakobe," anatero chapansipansi. "Iwe Yakobe, bwanji osangonena?"

Mlaliki anakhosomola.

"Mawuwo ndi pemphero, sindingakane. Koma kaimbidweko kakundikayikitsabe, ndipo ana ambiri achita mantha. Nkhaniyi aione akulu a mpingo. Kufikira atakhala pansi, mtsikanayu ayambe wapuma m'kwaya."

"Ndamva, abusa," anatero Rozina. Anatambasula dzanja, kaseti ili pamwamba pa chikhatho, kudikira.

Dzanja la a Enelesi linafika msanga kuposa lawi la moto. Anatenga kasetiyo n'kuiika m'chikwama chawo, pamodzi ndi buku la nyimbo.

"Iyi sipsa," anatero. "Akulu akafuna kufunsa, adzafunse ine. Ndinaweruza mchimwene wanga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osamva mawu ake. Sindiwonjezeranso tsiku lina."

Kwaya inayambanso kuimba popanda alito wake. Rozina anakankha njinga kutuluka pabwalo. Palibe mtsikana amene anamutsatira. Koma atafika pa mtengo wa bulugamu wa pamphambano, anamva mapazi kumbuyo. Anali azakhali, akuyenda pang'onopang'ono, kope atalikumbatira pachifuwa.

Anayenda limodzi. Ali pafupi ndi nyumba, mphira wakale womanga kope uja unaduka, ndipo pakati pa masamba panagwa envelopu yofiirira, yomata, yopanda sitampa. Rozina anaitola, napukuta fumbi. Pamwamba pake panalembedwa ndi dzanja lomwe lija: "Kwa Enelesi. Gilibati, udzam'patse ine nditapita. Za mayi wake wa Rozina."

A Enelesi anaima chilili pakati pa njira.

"Azakhali, mayi anga anatani?"

Iwo anailandira m'manja mwa Rozina. Anaitembenuza envelopuyo kawiri, osaitsegula.

"Mawa tikaweruka ku mapemphero, upope njinga," anatero. "Undiperekeze ku Nathenje. Ndikaitsegula pamaso pa a Gilibatiwo, andiuze chifukwa chimene sanandipatsire."

Ana anga, Mulungu wa ana amasiye akusungeni. Akupatseni makutu odekha, kuti musaponye pamoto chimene simunachimvetse, ndi lilime loona, ngakhale pa tsiku limene benchi yonse idzatsale yanu. Ndipo amene mwa inu akuyenda yekha lero, Mwini moyo ayende naye pang'onopang'ono mpaka akafike. Ameni.